Kochi wa Theka la Nyuzipepala

Tsiku loyamba la ukochi wanga ndinaimba wezulo pabwalo lopanda munthu. Kunali kusanache bwino, chifunga chili mbuu, ine nditavala jekete lobwereka kwa mlamu wanga kuti ndioneke waudindo. Ndinaimbanso kachiwiri. Mbuzi ziwiri zinadzutsa mitu, n'kupitiriza kudya udzu wa pagolo.

Sukulu ndinalekezera panjira, koma cholembedwa chilichonse sindichilambalala, ngakhale thumba la feteleza. N'chifukwa chake anthu akwathu, kufupi ndi Kandeu, anandipatsa timu yapamudzi, poganiza kuti wowerenga kwambiri amadziwa zonse. Ine sindinawatsutse.

Nzeru zanga zonse za mpira zinachokera pa theka la tsamba la nyuzipepala limene mwini golosale wa pamsewu anandikulungira sopo. Panali nkhani ya kochi wina wa ligi yaikulu. Ankanena kuti mtsogoleri amafika woyamba, kuti luso lopanda khama silipita patali, ndiponso kuti wojomba pokonzekera masewera asayembekezere kuvala yunifomu. Pamenepo pepala linang'ambika. Ndinaloweza mawuwo ngati katekisimu, n'kulamula kuti aliyense azifika pabwalo mbandakucha.

Chimene ndinaiwala, ine mlimi mwana wa mlimi, n'chakuti inali nyengo yokumba mbatatesi. Osewera anga onse mbandakucha ankawapeza kumunda. Pomatha sabata ndinali nditachotsa ojomba onse monga mwa lamulo langa, ndipo anatsala atatu. Masewera ndi timu ya ku Nzama anali patsogolo ndi milungu iwiri, ndipo tikanalephera kukwana khumi ndi mmodzi, akanatichotsa mumpikisano.

Ndinapita kwa goloboyi wathu, bambo wa ana atatu, kuti ndikamudzudzule. Ndinamupeza akulonga mbatatesi m'thumba.

"A kochi, wezulo wanu timamumva ndithu, amalira bwino," anatero osadzutsa mutu. "Koma lole ya ogula ikubwera Lachisanu. Kapena ana anga azidya wezuloyo?"

Ndinathamangira kugolosale kuja kukafunsa theka linalo la tsambalo, mwina kochi wamkuluyo ananenapo kanthu za mbatatesi. Mwini wake anaseka mpaka kugwira chipewa.

"Achimwene, limenelo linapita ndi mchere wa mayi wina wa ku Kasinje. Kalondoleni."

Basi, mawu otsalawo ndinayenera kuwaganiza ndekha. Mmawa mwake ndinasiya jekete ndi wezulo, ndinatenga khasu. Goloboyi pofika m'munda mwake anandipeza nditakumba kale mizere iwiri, ndi mbatatesi zingapo nditazitema pakati. Sanandiyamikire. Anangondionetsa pomenya khasu kuti ndisaonongenso zina.

Madzulo ndinayenda nyumba ndi nyumba kupepesa kwa osewera amene ndinawachotsa aja. Tinagwirizana zochita dima monga ankachitira makolo: tonse kukumba munda wa mmodzi, mawa wa wina, mwini munda n'kubweretsa thobwa. Ntchito ya masiku anayi inkatha dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo madzulo mpira unkadunda pabwalo. Kumundako ndi kumene ndinadziwira amene amafooka msanga, amene amabisala kumbuyo kwa anzake, ndi amene akalankhula ena onse amakhala chete. Wotsirizayu ndinamupatsa ukaputeni.

Tsiku la masewera tinakwana khumi ndi mmodzi, wina n'kutsala pabenchi. Anatichinya chigoli chimodzi, ife osabweza, koma mumpikisano tinakhalabe.

Pobwerera, mnansi wanga, mdala wa bondo lotupa amene sanamenyepo mpira chibadwire, anandiimitsa pampanda wake.

"A kochi, pepani ndi chigolicho," anatero akuloza kumunda kwake. "Koma mbatatesi zanga zokha ndizo zatsala m'nthaka m'mudzi muno. Ndilembeni m'timumo, ndizikhala pabenchi. Thobwa lili kale pamoto."