Kadontho ka Mayi Enelesi pa Pepala la Utsi

Mayi Enelesi Makisoni anayamba kuwamba milamba ku Kachulu ali mtsikana, ndipo anakhala pauvuni zaka pafupifupi makumi atatu. Fodya sanamulawepo. Ankatsogolera nyimbo m'kwaya ya amayi kutchalitchi mpaka chifuwa chinawalanda mpweya.

Chaka china kunabwera anthu a kafukufuku wa zaumoyo. Anawamangirira Mayi Enelesi pabulauzi kachipangizo koyeza utsi umene munthu amapuma, anawauza kuti auzire mpweya m'kachubu, n'kuwafunsa maola amene amakhala pamoto. Anayeza amayi oposa mazana atatu. Mmodzi anali mwana wa Mayi Enelesi, Sharon, telala wa pamsika, amene m'mawa uliwonse ankadzera pauvuni kukatembenuza nsomba maola awiri asanatsegule shopu.

Patapita miyezi, Emma, mmodzi wa ofufuzawo, anafika pakhomo ndi pepala lalikulu lodzaza timadontho. Kadontho kalikonse kanali munthu. Kakakhala kumanja, ndiye kuti amapuma utsi wambiri. Kakakhala m'mwamba, mapapo ake afooka kwambiri. Pakati panadutsa mzere wokhota umene kompyuta inajambula itaganizira msinkhu wa aliyense komanso ngati amasuta.

"Ine ndili pati?" anafunsa Enelesi.

Emma analoza m'mwamba, kumapeto kwenikweni. Enelesi anangogwedeza mutu. Zimenezo ankazimva kale m'chifuwa.

"Nanga munthu wa maola awiri okha?"

Maso awo anali atatsikira kale pansi pa pepala. Koma chala cha Emma chinaima chakumanzere m'mwamba, pamene mzerewo unali utakwera kale kupitirira theka.

"Malinga ndi zimene tapeza, mayi, mzerewu umakwera msanga koyambirira, kenako umagona. Maola oyambirirawo ndi amene amaukweza kwambiri."

"Awiri?" Enelesi anagwira pakamwa. "Awiri okhawo? Ine ndimati ndamupulumutsa Sharon pomupititsa kokaphunzira zosoka!"

Anakhala pansi padothi. Emma anayesa kufotokoza kuti mzerewo ukunena za gulu, sukulosera za munthu mmodzi, koma iwo sanamvenso.

M'mawa mwake Sharon anapeza uvuni uli wozizira.

"Amayi, mwadwala?"

"Pita kumashini ako. Pano usadzapondenso."

Anakangana sabata yonse, chifukwa Enelesi anati aleka kuwamba milamba, ayamba kuyanika matemba. Sharon ankati matemba oyanika padzuwa sangadyetse banja, mayi ake osasintha maganizo. Lero Mayi Enelesi amayanika matemba pathandala, nyengo ya mvula amalima mpunga ku Likangala. Chifuwa sichinathe. Amayi awiri oyandikana nawo anagawana njerwa za uvuniwo n'kukulitsa awo.