Phala Logona M'filiji

Ntchito ija ndinaiyamba mu Seputembala, masamba a mitengo atangoyamba kufiira. Ndinkakhala ku Hamilton, kuno kutsidya la nyanja, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera sitima kupita ku Oakville kukasamalira bambo ena okalamba kwambiri, azungu, amene akazi awo anali atamwalira chaka chapitacho. Mutu wawo unali utayamba kusokonekera. Tsiku lina ankandidziwa, tsiku lina ankandifunsa ngati ndabwera kudzakonza mpope. Ine ndinkangowatchula kuti agogo, iwo n'kumamwetulira osadziwa tanthauzo lake.

Amene anandilemba ntchito anali mwana wawo wamkazi, mayi wa msinkhu wanga, wothamanga nthawi zonse. Tsiku loyamba anandionetsa mankhwala, bafa, ndi kabuku kolembamo zimene agogo adya. Kenako analoza kapepala kakale kamene kanamatidwa pachitseko cha filiji.

"Awa ndi malembo a amayi anga," anatero. "Nyengo ino ikafika, bambo sadya china m'mawa koma ichi. Muzikonza masana musanaweruke, m'mawa muzingowapatsa."

Ndinawerenga. Linali phala la otsi, timbewu tonga tirigu. Theka la kapu ya otsi, mkaka, yogati, apozi wopala pamodzi ndi khungu lake, masupuni awiri a dzungu lophika lophwanya, zonunkhiritsa monga sinamoni, jinja ndi natimegi pang'ono, ndi uchi wa mtengo wa mapulo. Kusakaniza m'botolo, kutseka, kuika m'filiji mpaka m'mawa. Ndinatembenuza kapepala kaja kuti ndione pamene moto ukulowera. Kumbuyo kunalibe kanthu.

"Ndiye kuphika kwake nthawi yanji?" ndinafunsa.

"Saphika ayi," anayankha uku akufunafuna makiyi a galimoto. "N'chifukwa chake n'chosavuta."

Ndinaganiza kuti Chingerezi chandidutsa, koma ndinachita manyazi kufunsanso. Masana ndinasakaniza zonse monga mwa kapepala. M'mawa mwake nditatulutsa botolo lija, linandizizira m'manja ngati mwala wa mumtsinje. Otsi anali atafufuma, atagwirana, osaonako moto. Ndinaima pakati pa khitchini nthawi yaitali.

Ine ndinakulira ku Ntcheu. Kwathu wodwala timamuphikira phala lotentha, lamadzimadzi, ndipo timakhala pambali pake n'kumauzira supuni. Chakudya chogona timapatsa ana, ndipo nachonso timayamba tachiotcha. Kutengera munthu wamkulu chinthu chozizira, chachiwisi, chogonera dzulo, ndiye kuti wamunyoza, ndipo apongozi akamva akhoza kukubwezera kwanu. Mumtima mwanga munabweranso nkhani ya m'Baibulo ya mana a m'chipululu, amene anthu ena osamvera anasunga mpaka m'mawa n'kuwapeza atagwa mphutsi. Ndinadziwa kuti filiji si chipululu. Komabe dzanja langa linakana.

Ndinathira zonse m'kapoto, ndinaonjezera madzi ndi kamchere, n'kutakasa mpaka phala linabwadamuka. Fungo la sinamoni linadzaza nyumba yonse. Ndinapakula m'mbale yabwino, ndinapemphera, ndinawaikira agogo patsogolo. Iwo anayang'ana mbaleyo, anayang'ana ine, analawa masupuni awiri, n'kuikankhira kutali mwaulemu.

Ndinati ndi chisoni cha akazi awo. Tsiku lotsatira ndinaphika mosamala kuposa dzulo lake. Tsiku lina ndinathirako chiponde, poganiza kuti phala la nsinjiro palibe amalikana. Analikana. M'kabuku muja ndinkalemba kuti "adya pang'ono," ndipo sindinkanama. Kungoti za poto sindinkalemba. Zinapita choncho masabata atatu.

Lachisanu lina mwana wawo anabwera nawo kuchokera kwa dokotala nkhope itagwa. Agogo anali atatsika sikelo. Lamba wawo tinali titaboola kale bowo lina.

"Adokotala akuti zikapitirira chonchi, pakutha pa mwezi tiwapititse kunyumba yosungira okalamba," anatero motsitsa mawu, kuti bambo ake asamve. Agogo anali pampando wawo wa pawindo, akuonerera agologolo. M'nyumba imeneyo anakhalamo zaka zoposa makumi anayi, ndipo ndi malo okhawo amene ankadziwa njira yopita kuchimbudzi popanda kuwagwira dzanja. "Chimene sindikumvetsa n'chakuti akukana ngakhale otsi wa amayi. Chimenechi sanakanepo chibadwire changa."

Za poto sindinatchule. Ndinangoti, "Tiwapempherera."

Ulendo wa pasitima tsiku limenelo unanditalikira. Ndinkadzifunsa kuti kodi ndalakwa chiyani. Munthu wamkulu ndinamulemekeza monga Malembo anenera, kuti tiziimirira pamaso pa aimvi. Nanga ulemu ungamuondetse munthu? Mwina sichinali chifukwa cha phala. Mwina akanakana ndithu ngakhale lozizira. Ndinagwiritsitsa ganizo limenelo mpaka Lamlungu.

Timapemphera m'holo yobwereka, Amalawi ndi Azambia pamodzi, ndipo tikaweruka timamwa tiyi. Ndinakokera pambali mayi ena a ku Chipata, anesi a zaka zambiri kuno, n'kuwafotokozera zonse. Ndinkayembekeza kuti andimvera chisoni. Iwo anaseka mpaka tiyi anatayikira pambale.

"Imwe amai, mwati munachita bwanji? Munaboyila?"

"Nanga ndikanawapatsa chachiwisi?"

"Si chachiwisi! Chimapsa na mkaka usiku wonse. Ine ana anga amadya daily, onani mmene alili, zitseko sakwana."

"Koma munthu wamkulu, chozizira? Inu mungawapatse bambo anu?"

"Atate anga angandiponyere botolo kumutu," anatero. "Koma awo si atate anga, si atate anunso."

Ndinawauza za mana ogwa mphutsi aja. Anapukusa mutu.

"Mumawerenga half chabe imwe. Nanga a tsiku lachisanu ndi chimodzi? Si anagona mpaka m'mawa osanunkha, chifukwa Mwini wake ndiye analamula? Apa mwini wake analemba pa filiji." Kenako anasiya kuseka, anandigwira pamkono. "Mukamuuze mwana wawo. Mawa. Mukachedwa, mkulu uja amusamutsa chifukwa cha poto wanu."

Madzulo a tsikulo ndinatsegula Baibulo langa, koma silinandipatse mtendere umene ndinkafuna. Ndinapeza nkhalamba ija ya maso akhungu imene inatuma mwana wake kukasaka nyama. Sinapemphe chakudya choyenera nkhalamba, inapempha chimene inkachikonda. Ndinapezanso mtumwi uja amene anaona chinsalu chodzaza nyama chikutsika kumwamba, n'kukana kudya katatu konse, akudziyesa wokhulupirika. Koma ndinapezanso malo ambiri onena za kudyetsa anjala ndi kuchitira ena zimene ungafune kuti akuchitire. Ine ndikadzakalamba sindidzafuna botolo la m'filiji. Ndinagwada, ndinafunsa Ambuye kuti chimene chinali mwa ine chinali chikondi kapena kudzikuza kovala nsalu ya chikondi. Yankho sindinalimve. Chimene ndinadziwa n'chakuti kabuku kaja kanali ndi bodza, ngakhale kuti mawu ake onse anali oona.

Lolemba masana ndinamupempha mwana wawo kuti adutse kunyumbako ndisanaweruke. Ndinamuuza zonse za poto nditaimirira, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Masabata atatu?" anafunsa.

"Inde."

"Chifukwa chiyani?"

Ndinayamba kunena kuti kwathu, koma ndinaona kuti mawu amenewo sakwanira, ndipo ena ndinalibe. Ndinati ndinkaopa kuwanyoza bambo ake. Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chichewa. Ndinali wokonzeka kumva kuti ndisabwerenso. M'malo mwake anavula jekete, anatsegula kabati, anatulutsa botolo lina lakale la kukamwa kwakukulu, losiyana ndi limene ndinkagwiritsa ntchito.

"Amayi ankapangira m'menemu," anatero. "Tengani apozi."

Ndinapala apozi, wa mtundu wowawasa uja wa nyengo ino, madzi ake akutsikira m'zala. Iye anayeza otsi ndi mkaka. Dzungu anati lisachuluke. Natimegi anapala yekha, katatu kokha. Sinamoni ndinathira ine. Anatseka botolo, analikhutchumula, analiika m'filiji, n'kunena kuti m'mawa abwera kudzaona yekha. Sananditsanzike.

M'mawa ndinamupeza atafika kale. Ndinatenga mbale kuti ndipakule, iye anandiletsa. Anatsegula botolo, anaikamo supuni yaitali, n'kundipatsa ine kuti ndikapereke. Ndinayenda nalo mpaka pawindo mtima ukundiuzabe kuti ndikuchita chipongwe. Ndinapemphera chamumtima, pemphero lopanda mutu.

Agogo anagwira botolo ndi manja awiri. Analiyang'ana, ananunkhiza, anayamba kudya. Sanafulumire. Supuni inkagunda galasi, ngwe, ngwe, ife awiri titaima kumbuyo kwawo. Atadutsa theka anaima, anatembenuka, anandiyang'ana ndi nkhope yokwinya.

"Sinamoni wachuluka," anatero.

Masabata atatu onse aja sanadandaulepo kanthu. Mwana wawo anatuluka msanga kupita pakhonde, ndipo ndinamuona pawindo atagwira kukamwa. Agogo anapitiriza kudya mpaka supuni inayamba kukanda pansi pa botolo.

Pakutha pa mwezi sikelo inasonyeza kuti asiya kutsika, ndipo anakwerako pang'ono. Adokotala anati nkhani yosamuka idikire kaye, tidzaonenso ikapita Khirisimasi. Ine ntchito sinandithere, koma mwana wawo anayamba kumabwera m'mawa masiku ena osanena, n'kukhala kukhitchini ndi khofi wake mpaka bambo ake atamaliza kudya. Sindinamuimbe mlandu. Maapozi abwino atatha m'masitolo, anabweretsa kapepala kena ka amayi ake ka nyengo ya chisanu, n'kundiwerengera mokweza mzere ndi mzere, kenako anandifunsa ngati pali chimene sindinamve. Ndinati chilipo, ndipo ndinafunsa.