Mkamwana wa M'filimu Yanga

"Mkazi tinalowola ndi ng'ombe zathu, iwe ukumusandutsa chidole cha pa foni!"

Anakuwa choncho ali pakhomo pa shopu yanga ku Mzimba boma, njinga yamoto asanazimitse n'komwe. Sindinkamudziwa. Ndinamuyankha momwe ndimayankhira aliyense wondikalipira. Ndinamuuza kuti pashopu panga si pa dibi pomwe amakuwira ng'ombe zakezo, ngati ali ndi nkhani azimitse chinjingacho alankhule ngati munthu. Anatsika, tinagwirana m'makolala, ndipo akanapanda telala wa pakhonde loyandikana nalo kulowa pakati, wina akanatuluka magazi. Telalayo ndi amene anandinong'oneza kuti munthuyu ndi mlamu wake wa mayi amene anasewera m'filimu yanga, mng'ono wa mwamuna wake wa ku Joni, ndipo wachokera kumudzi kwawo kupitirira Edingeni.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Kumpoto kuno ndinabwera kudzagwira ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa, ntchito itatha ndinakhazikika pa boma n'kutsegula kashopu kobena nyimbo ndi mafilimu m'mamemore ndi m'mafulashi. Munthu wa ntchito imeneyi amaonera mafilimu tsiku lonse, afune asafune. Chomwe chinkandinyansa n'chakuti mkazi wa m'mafilimu amenewa akapanda kukhala wolira ndiye kuti ndi mfiti, kapena hule wolanda amuna a eni. Wina amenyedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akungopemphera, kenako mwamuna alapa, basi filimu yatha. Ndinkatukwana ndekha pa kompyuta mpaka makasitomala kumandiseka. Tsiku lina ndinati ndipanga yanga.

Nkhani yake inali yachidule. Mwamuna chidakwa, bambo ake omuikira kumbuyo, ndi mkazi wotopa nazo. Mkaziyo sindinachite kumupeka, ndinangotenga amayi anga. Abambo anga anali mkamwini. Tsiku lomwe anagulitsa mbuzi ya amayi n'kumwera ndalama zake, amayi anatulutsa bulangete lawo ndi wailesi n'kuziika pabwalo. Agogo, abambo a abambo, atabwera kudzapepesa, amayi anawayankha ali chiimire pakhomo, manja m'chiuno, amalume anga atakhala phee pansi pa mtengo wa mango. Palibe anati apenga. Abambo anapita, ife ana tinatsala, poti kwathu ana ndi a mkazi. Nkhaniyi ndinkaifotokozera aliyense wa m'gulu la sewero lomwe ndinasonkhanitsa mpaka anatopa nayo.

Woti asewere mkaziyo ndinamupeza m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Ankagulitsa kaunjika mumsika. Mwamuna wake anamuchitira lendi nyumba pa boma kuti ana awo atatu aziphunzira sukulu yabwino, ngakhale kumudzi sanakondwe nazo. Anali ndi mawu omveka ndiponso nkhope yoti ikakwiya sufuna kuiyang'ana kawiri. Mwamuna chidakwayo anasewera ndi mkulu wina wa butchala, ndipo apongozi anasewera ndi bambo wina wopuma ntchito ya uphunzitsi.

Titafika pa gawo lotulutsa zovala lija, mayiyo anaima kaye.

"Adada, kuno mkamwana, mkazi wokwatiwa pamudzi, sayima pamaso pa apongozi aamuna. Komanso nyumbayo si yake. Angatulutse bwanji zovala za mwini nyumba?"

Anati mkazi wa kuno akakwiya ali ndi njira zake. Amagwada ndithu, n'kunena yewo, zikomo wa kuno, kenako amapita pamtondo n'kuyamba nyimbo yoti mudzi wonse umve zomwe mwana wawo akuchita, popanda kutchula dzina la munthu, apongozi n'kusowa pobisa nkhope. Anati angathe kuipeka nyimboyo yekha.

Ndinapsa mtima. Ndinati anthu sagula filimu kuti azionera munthu akusinja chimanga, ndipo kugwadagwada kumeneko ndi kumene ndikufuna kuthetsa. Ndinati ili ndi sewero, ngakhale mwana wa sitandade wanu amadziwa kuti sewero si zenizeni. Mphunzitsi uja anayesa kunena kuti mayiyu akunena zoona, ndinamufunsa ngati filimuyo ndi yake. Mayiyo anangoti yewo, n'kumanga chitenje.

Ndipo anasewera. Ndinene mosabisa, mpaka lero sindinaonepo chinthu chonga chimenecho pa sikirini iliyonse. Anaponya jekete pabwalo, anaima pakhomo, n'kuwauza apongozi a m'filimuwo kuti atenge mwana wawo akamulerenso poti koyamba analephera. Mphunzitsi uja anaiwala mawu ake.

Filimu inali isanatuluke. Koma wa butchala uja anandichonderera kuti ndimuikire kagawo kameneko pa foni, aonetse mkazi wake. Sanaonetse mkazi wake yekha. Anatumizira anzake a ku Joni kuti aone kuti iye tsopano ndi katswiri. Kuchoka apo kanayenda foni ndi foni mpaka kanafika kwa mwamuna wa mayiyo, kenako kumudzi.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti m'kagawo komweko wa butchalayo akudzandira, akutukwana, akumenya mkazi khofi. Iyeyo anthu ankamugulira mowa. Ankamuitana ndi dzina la m'filimu, iye n'kumadzandira dala pakati pa msika, anthu n'kumafa ndi phwete. Palibe anapita kwa mkazi wake kukafunsa ngati kunyumba amamenya.

Izi ndi zomwe ndinamuuza mlamu uja titakhala pa benchi la telala, aliyense akupumira m'mwamba. Anandiyang'ana ngati ndine wopepera. Anati za mwamuna wa m'filimuyo aliyense akuona kuti n'zoseketsa, amuna amamwa, nanga n'zachilendo? Koma mawu amene ananena mayiyo sangatuluke bwino chomwecho m'kamwa mwa munthu ngati mumtima mulibe. Anati adada awo, apongozi enieni a mayiyo, aonera kambirimbiri, ndipo akuti amene akunenedwa pamenepo ndi iwo, mwana wolephera kuleredwayo ndi wa ku Joni uja. Chakudya cha mkamwana wotere sangadyenso.

"Loweruka banja likhala pansi. Ana akubwera kumudzi, mbwenu iye azipita kwawo ku Euthini akapange mafilimu."

Anakwera njinga yake n'kupita.

Ndinkafuna kumutsatira nthawi yomweyo. Ndinali nditayamba kale kusanja mawu m'mutu, oti ndikawafunse akuluakuluwo ngati munthu wosewera Yudasi pa Pasaka amamuchotsa mumpingo. Ndikutseka mawindo, mayi uja anafika ndi mkazi wanga, atakumana kumsika. Mayiyo anakana kukhala pa benchi, anakhala pa sitepe. Maso anali ofiira koma sankalira. Ndinamuuza kuti asade nkhawa, mawa ndikupita ndekha kumudziko ndipo akandimva.

"Ndapota, musapiteko," anatero. "Mwamuna amene si m'bale wanga akakandilankhulira, akafunsa kuti ndi ndani wanga. Pamenepo ndiye mwandimaliza."

Anati chomwe chingathandize n'chakuti mkazi wanga apite kwa apongozi aakazi a mayiyo, ngati mayi mnzawo wa kutchalitchi, akagwade, akanene kuti mkamwana wawo anakana koma anakakamizidwa. Apongozi aakaziwo ndi amene angafewetse amuna awo Loweruka lisanafike. Koma akakafunsa za filimuyo, yankho likakhale lakuti kulibe, ndipo sidzatuluka.

Apa ndinayambiranso kukalipa. Ndinati miyezi yonse ija, kamera yobwereka, kudzuka m'mamawa kuthamangira dzuwa, zonsezo zifere nkhalamba imodzi yosadziwa kusiyanitsa sewero ndi moyo? Ndinati n'chifukwa chake akazi a m'mafilimu amangolira, poti wina akangoimirira timathamangira kukamugwadika. Ndinamenya thebulo mpaka mamemore anabalalika pansi. Mkazi wanga anayamba kutola.

Mayiyo anadikira kuti ndimalize.

"Amayi anu aja anali ndi alongo awo pansi pa mtengo, ndipo ana anali awo. Ine akwathu ng'ombe anadya kale. Ndikaima pakhomo, kumbuyo kwanga kuli ndani?"

Ndinangoti ndamva. Anaimirira, anati yewo chomene, n'kupita kukaphikira ana.

Kunyumba mkazi wanga ananena zake mwachidule. Anati apita, shuga ndi sopo agula yekha, koma bodza sakanena. Ndikasunga filimuyo ngakhale pa kafulashi kamodzi kobisa m'thumba la jekete, iye sakwera galimoto. Amandidziwa, zaka zonsezi. Ndinamuuza kuti iyenso ndi wa ku Dedza, akudziwa kuti zomwe ndinalemba si zabodza. Anati si zabodza ku Dedza.

Mpaka lero sindivomereza kuti nkhalamba ija inkalondola. Sinkalondola. Koma amene ankataya ana si ine, si wa butchala, si mphunzitsi. Tonse amuna a m'filimu imeneyo tikanatuluka ndi mayina atsopano ndi mowa waulere. Ndimaganizanso za nyimbo ya pamtondo ija, yomwe sindinalole n'komwe kuti ayimbe mzere umodzi ndimve.

M'mawa mwake ndinapita kushopu ndi mkazi wanga. Ndinayatsa kompyuta iye ataima pambali, jumbo ya shuga ili m'manja. Ndinafufuta filimu yonse, ndinatulutsa fulashi yomwe ndinasungirapo ina n'kuifufutanso, kenako ina yachitatu yomwe iye sankaidziwa. Ndinamuperekeza kudepoti, ndinamupezera malo kutsogolo kwa pikapu ya ku Edingeni kuti fumbi lisamudetse. Galimoto itanyamuka ndinalunjika kubutchala. Ndinamupeza mkulu uja akunola mpeni, ndinamuuza kuti andipatse foni yake, ndipo ataona nkhope yanga sanafunse chifukwa.