Uvuni wa Amayi pa Kachulu

Ndikukumbukira chaka chimene nyanja ya Chilwa inatithawa. Ndinali Sitandade 6. Doko la Kachulu, kumene kale sunkamvana ndi mnzako chifukwa cha phokoso la ogula matemba, linangoti zii. Mabwato anagona chafufumimba pamatope ong'ambika, ife ana n'kumaseweramo chibisalirano. Uvuni wa amayi wowambira milamba unazizira mpaka nkhuku yathu inayamba kuikiramo mazira.

Uvuniwo anauumba okha ndi dothi la pachulu, pamtunda pafupi ndi msewu. Bambo atamwalira, ndiwo unkatidyetsa. Zovala zathu zonse zinkanunkha utsi, moti kusukulu ankanditcha Asiyatu Mlamba.

Ndiye kunabwera anthu a m'tauni pagalimoto yoyera, ati adzadzutse doko. Anatambasula chipepala chachikulu chojambulapo mashedi a malata, mauvuni a simenti, mipopi, ngakhale maluwa. Ine maso tong'o! Ati pamtunda ponse pakhale poimikira minibasi, owamba nsomba atsikire kumunsi, kumene anali atakhoma kale zikhomo. Wovomera adinde chala, agumule yekha uvuni wake.

Amayi anayang'ana zikhomozo nthawi yaitali. "Pamenepo m'panyanja," anatero. "Madzi angopita kocheza, abwera."

Ine ndi kasukulu kangako ndinachita manyazi. "Amayi, inunso! Anthuwa ndi ophunzira, ayeza ndi makina. Tizinunkha utsi mpaka liti?"

Ndinawavutitsa sabata yathunthu, kulira, kunyanyala chakudya. Pomaliza anakadinda. Atabwerako anatenga khasu n'kugumula uvuni wawo, mwaye uli bii m'mikono. Ine ndinkatuta zibuma, ndikuimba.

Mashedi anamangidwadi, okongola ngati a pachipepala paja. Koma amayi sanawambemo ngakhale mlamba umodzi. Dzinja lachiwiri mvula inavumba usana ndi usiku, madzi anabwerera, nalowa m'mashedimo mpaka m'chiuno. Nsomba zinabwera, ogula anabwera, koma pamtunda anali atathirapo kale miyala, makondakitala akuitanira za ku Zomba. Amayi analibenso posonkha moto. Tinasamukira kwa amalume ku Songani, kumene anakalambira m'mbali mwa msewu akugulitsa tomato. Wogula akafunsa kwawo, ankangoti, "Kunyanja."

Masiku ano zinthu zinasinthako. Ndimamva kuti obwera ndi mapulani amayamba akhala pansi n'kufunsa akuluakulu kuti madzi amalekeza pati. Zili bwino, koma ine zimandiwawa. Amayi anamwalira osanditchulirako za uvuni wawo ngakhale tsiku limodzi. Zaka zonsezo ndinkadikira kuti andikalipire, ndipeze poyambira kupepesa. Sanandikalipire.