Chingwe Chachikasu cha ku Nathenje

Chaka chomwe mkazi wanga anali woyembekezera mwana wathu woyamba, ndinkayang'anira intaneti ya pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi Nathenje, koma ndikukhala ku Mitundu. Mu ofesi ya ahedi munali kabokosi kolamulira wayifayi yonse ya pasukulupo. Kumbuyo kwake kunali mabowo asanu olowetsamo zingwe, ndipo limodzi linali loyang'anirira, langa ndekha. Chingwe chachikasu chikakhala pabowo limenelo, ndinkalowa m'kabokosiko pa laputopu ndili kunyumba, n'kukonza chilichonse osakwera njinga yamoto. Ndinkanyada nazo, sindibisa.

Mvula itayamba, zinthu zinasintha. Kukangogunda, mawa lake ndikatsegula laputopu, kabokosi kaja zii. Kawiri konse ndinathyola matope mpaka ku Nathenje, n'kupeza chingwe chili pabowo lolakwika. Ndinkachibwezera mokwiya, osafunsa munthu. Paja safunsa anadya phula. Chinkandiwawa kwambiri n'choti masiku a mkazi wanga anali atakwana, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lake lidzandipeza ndili panjira.

Ulendo wachitatu ndinafika mitambo itada bii. Ndinawapeza ahedi, bambo achikulire aulemu wawo, atagwada pansi akuzula zingwe zonse.

"Ahedi, mukutani kodi?"

"Mphenzi, achimwene. Kunyumba wailesi timazula, TV timazula. Nanga ichi n'chosiyana pati?"

Mvula ikakata ankabwezera zonse, koma chachikasu ankachilowetsa paliponse pamene paoneka mpata. Ana intaneti ankaipeza ndithu, ndiye panalibe wodandaula. Wotsekeredwa kunja ndinali ine ndekha.

Mkwiyo unandithera pomwepo. Munthu akuteteza katundu wa sukulu, ungamukalipire bwanji? Ndinapempha penti wa m'zikhadabo kwa mphunzitsi wina wachizimayi, n'kupaka kadontho kofiira pamwamba pa bowo langa. Kenako ndinawauza ahedi za kunyumba.

"Aa, ndiye mumangokhala chete osanena?" anatero. "Pitani. Chachikasu pofiira, ndamva."

Tsiku lomwe tinapita kuchipatala kunagwa chimvula masana. Ndili pabenchi panja pa wodi, foni inalira.

"Tazula, tabwezera," anatero ahedi, "koma makompyuta a ana sakulowa pa intaneti, ndipo akufunika kulembetsa mayeso lero."

Ndinatsegula laputopu pamaondo. Kabokosi kanaoneka! Vuto linali laling'ono, ndinalikonza ndili pomwepo, ndipo ndinamva ana akukuwa kumbuyo kwa ahediwo.

"Zatheka. Tsopano zimitsani foniyo, khalani ndi mayi."

Sipanapite nthawi, namwino anatsegula chitseko n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Bambo a mwana wabadwa kumeneyu alipo?"

Ndinaimirira msangamsanga, laputopu ikadali m'manja.

"Ndilipo, mayi. Ndine."