Nthiti za Don Zenón Tarqui

Don Zenón Tarqui anali wosoka mipando ya minibasi mumzinda wa El Alto, koma mukanawafunsa ntchito yawo akanakuuzani kuti ndi womenyedwa mateche. Kwa zaka zoposa makumi awiri, akangotseka shopu masana, ankakwera m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala, komwe Profe Ramiro ankaphunzitsa tekwando, masewera omenyana mateche. Kumeneko ankakumbatira khushoni ya mpando wa minibasi, ophunzira n'kumaiswa mateche mmodzimmodzi. Eni akewo sanamenyepo munthu theche chibadwire. Tsiku loyamba atayesa anagwa chagada, ndiye Profe anawapatsa khushoniyo kuti agwire kaye. Kugwira kwake n'komweko. Lamba wawo woyera anada yekha ndi thukuta, moti obwera kumene ankawaweramira kawiri poyesa kuti ndi akatswiri a lamba wakuda.

Komatu musawaseke, chifukwa nthiti za bambowa zinali ndi makutu. Theche likangofika, ankadziwa zonse. "Iwe Marisol, sunadye m'mawa." "Inu a Freddy, mwakangananso ndi akazi anu." Ndipo sankaphonya. Kunyumba akazi awo ankawatcha ng'oma, kushopu madalaivala ankawakalipira, koma m'chipinda chija anthu ankawamvera.

Tsiku lina sipuling'i inatuluka m'khushoni n'kubaya Freddy pachala. Profe anati basi, zakwana, agula thumba lamchenga lopachika kudenga.

"Thumba silifuna woligwira, Profe," anatero Don Zenón.

"N'chifukwa chake ndikulifuna, bambo. Mwakula."

"Ndipatseni mpaka Lachinayi. Ndikapeza chishango chenicheni, chopanda sipuling'i."

Profe anavomera ndi mapewa okha. Don Zenón anachita mantha kwambiri, pakuti munthu amene wakhala akumenyedwa moyo wake wonse sadziwa kolowera akasiya kumenyedwa.

Lachinayi analawirira kumsika waukulu wa mumzindamo, mphepo ikuluma makutu. Anadutsa ogulitsa mainjini, anadutsa ogulitsa madilesi aukwati, mpaka anafika pa benchi ya Doña Hortensia Limachi, mayi wa masiketi asanu ndi kachipewa kokhala pamwamba pa mutu ngati mphika wovundikira. Mayiyu ankagulitsa mipira, magolovesi ndi zishango zokhuthala za chikopa, zokhala ndi zingwe kumbuyo zolowetsamo mkono.

"Tengani, kasitomala wanga, chimenyeni theche muone kulimba kwake."

"Ine sindimenya, mayi. Ndimamenyedwa. Tandimenyani inuyo."

Doña Hortensia anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bambo, mwadya kale?"

"Ndamwa phala la api, ndadyanso salteña imodzi, kachitumbuwa kanyama kaja."

"Chabwino, musadzati sindinafunse."

Anavula chipewa n'kupatsira mnzake wogulitsa mabulangete, anakwinya masiketi, n'kuponya. Phuu! Nkhunda zinauluka pamawaya. Chishango choyambacho chinali chofewa ngati buledi, ndipo Don Zenón anamva theche lija mpaka m'mano. Anapukusa mutu. Mayi aja anatulutsa chachiwiri, chofiira, chonenepa, chonunkhira unyuwani. Anaponyanso, mwamphamvu kuposa poyamba, anthu odutsa n'kuyamba kuunjikana. Don Zenón sanasunthe n'komwe.

"Mwaona? Ichi ndiye chenicheni. Ngakhale bulu akumenyeni simungamve."

"Vuto lake n'lomwelo, mayi. N'chogontha. Sindinamve kanthu."

"Aaa, bambo inu! Anthu amagula chishango kuti asamve."

"Amenewo ndi anthu ena."

Anayesa zisanu ndi ziwiri. Wogulitsa timadziti anabwera kudzaima pomwepo chifukwa makasitomala anali atasamukira kumeneko, ndipo wapolisi amene anabwera kudzaleretsa anatsala akugwira jekete ya Don Zenón. Pomaliza Doña Hortensia, ali wefuwefu, anasolola pansi pa benchi chishango chakale chabuluu, chopyapyala pakati, chomwe palibe amene ankachifuna. Anaponya theche lotopa. Don Zenón anatsinzina.

"Bondo lanu lakumanzere likupweteka. Ndipo mkamwini wanu uja sanabwezebe galimoto."

"Wakuuzani ndani?" anafunsa mayiyo.

"Ndatenga chimenechi."

Analipira, anatsitsa chishango, n'kutambasula dzanja kuti atsazike. Apa ndi pomwe bambowa anaiwala za kwawo komwe. Ku El Alto wogulitsa waulemu salola kasitomala kuchoka opanda yapa, kabasera kaja: wogula mbatata amamuwonjezera mbatata, wogula madzi a zipatso amamudzazira kapu kawiri. Ndiye amene wakhala m'mawa wonse akupempha mateche mungamuwonjezere chiyani?

"Yapa yanu iyi, kasitomala wanga!"

Don Zenón anakatera m'mulu wa mabulangete, nthiti imodzi itati thyo. Anadzuka, anathokoza, chifukwa yapa sakana, n'kukwera minibasi chopendekera.

Masana amenewo anaima pamalo pawo, chishango chabuluu pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Profe Ramiro anati achiyesa yekha. Anaweramira, anatembenuka, n'kuponya theche limodzi laukhondo. Don Zenón anatsinzina nthawi yaitali, ndipo atatsegula maso munali misozi.

"Mwagula kale thumba lija, Profe. Munagula dzulo."

Profe anayang'ana pansi. Thumbalo linalidi kuseri kwa chitseko, lakuda, lalitali, likadali m'pepala. Anakwera pampando, analipachika, n'kuomba m'manja kuti ophunzira afole.

Marisol ndiye anali patsogolo. Anayang'ana thumba lija, thumba n'kumangozungulira lokha osanena kanthu. Anadutsa pambali pake n'kukaima pamaso pa Don Zenón. Freddy anamutsatira akutsimphina, enawo n'kutsatira Freddy, ndipo wina pomadutsa anakoleka jekete yake pa tcheni cha thumbalo.

Don Zenón anakweza chishango. Theche la Marisol linafika ndendende pa nthiti yothyoka ija, moti bambowa anaona mdima. Anagwira mpweya, anadziwongola, n'kumwetulira ngati munthu amene wapatsidwa mphatso.

"Lero wadya," anatero. "Wotsatira!"