Ndinaisankha Nditamanga Maso

Ndinanyamuka pa Chilumba Loweruka m'mawa dzuwa lisanayambe ukali wake, m'chikwama muli DVD yathu, chimbale chimodzi ndi chitenje. Bambo ndinawasiya atakhala pakama, nkhope ataloza kukhoma. Nditawatsanzika anangoti ndiyende bwino, osafunsa n'komwe kumene ndikupita.

Bambo anga maso anafa chaka chatha ndi matenda a shuga. Ndinakawatenga kwathu ku Ntcheu kuti azikhala nane kuno kumene ndikugwira ntchito ya unamwino, ndiziwabaya ndekha jakisoni. Munthu ameneyu unyamata wake wonse anathera m'kachipinda kozunguzira makina a kanema m'holo ina ku Limbe, ndipo filimu ankaidziwa ngati mwana wake. Lero TV yathu ikamalankhula ndi kasipika kake kachimfine, iwo amadzuka n'kukadzitsekera. Anali atauza kale achimwene anga kuti mwezi ukatha adzawatenge, akakhale kumudzi. Kumudziko kulibe wowabaya jakisoni, ndipo mathero ake ine ndikuwadziwa, ndimawaona kuwodi. Ndinachonderera, ndinalira, ndinakalipa, koma osatheka. Ndiye ndinati chabwino, poti maso akana, kanemayo ndiwalowetsera m'makutu. Masipika asanu ndinali nawo, anandisiyira mnzanga atasamutsidwira ku Mzimba. Chosowa chinali ampulifaya, bokosi lija limalandira mawu a filimu n'kuwagawa, ena kutsogolo, ena kumbuyo kwa womvera. Ndalama zanga sizikanafika pa za m'masitolo akuluakulu a ku Mzuzu, koma ndinalumbira kuti ku Karonga sindichokako chimanjamanja.

Wa njinga yamoto ananditula pa Uliwa, pamsewu waukulu. Minibasi yoyamba kondakitala anati K9,000 mpaka ku boma, ndinamuyang'ana mpaka anachotsako yekha K1,000. Anandipanikiza pakati pa mayi wonyamula beseni la usipa ndi msilikali wina wa kubalaki amene ankapita kutchuthi. Tisanadutse n'komwe midzi ya kwa Vinthukutu, msilikaliyo anali atadziwa kale ulendo wanga, poti ine pakamwa sipakhala chotseka. Anandilangiza mwachifundo kuti ndikasankhe yolembedwa mawatsi ambiri, yoti ikagunda malata azinjenjemera. Ndinamuuza kuti nyumbayo ndi yaboma, malata akachoka adzandidula pamalipiro. Mayi wausipa anaseka mpaka beseni linapendekera pa siketi yanga, ndipo fungolo ndinayenda nalo tsiku lonse.

Pa Ngara tinaima kukweza matumba a nsomba zouma. Pa Lupembe tinaimanso, ulendo uno chifukwa cha ng'ombe zimene zinadzaza msewu, zikuyenda mwaulemu wake ngati zikuperekeza mkwati. Dalaivala sanaimbe n'komwe hutala, anangotulutsa mkono pawindo n'kumadikira. Kutentha kwa kuno sikumafuna wokuuza, malaya anali atamatira kumsana tisanaone n'komwe nyumba za m'tauni.

Ku depoti ya Karonga ndinakwera kago, ndiwo matakisi a njinga zopalasa a kumeneko, n'kumuuza mnyamatayo kuti anditengere kumene amagulitsa zoimbira. Sitolo yoyamba inali yowala bwino, katundu ali m'mapulasitiki. Wogulitsa anandilandira ndi "Karibu mama," kenako anafunsa kuti abambo akunyumba andituma iti. Magazi anandithamangira kumutu. Ndinamuuza kuti wogula ndine, ndipo ndikufuna kuimva kaye. Anati magetsi azima chiyambire m'mawa, ndingotenga, ikakavuta ndidzabweze. Kuchoka ku Chilumba kudzabweza? Ndinamuthokoza n'kutuluka. Sitolo yachiwiri ndi yachitatu nyimbo inali yomweyo.

Masana ndinakhala pabenchi kuseri kwa msika n'kudya mbalagha, nthochi zosapsa zophikira pamodzi ndi nyama ya ng'ombe. Kunena zoona mtima unali utagwa. Ndinkangoona Bambo ali pakhonde la kumudzi okhaokha, botolo la mankhwala likuwonongeka ndi dzuwa pawindo. Nditapukuta mbale ndinadziuza kuti iwe, sunabwere kudzadya nthochi kuno.

Mayi amene anandigulitsa mbalaghayo ndi amene anandilozera kwa bambo wina wogulitsa katundu wakale wochokera ku Tanzania, m'kanjira kopita kuchigayo. Ndinamupeza akuwodzera pakati pa mafiriji ndi ma TV afumbi. Ma ampulifaya anali nawo awiri okwana thumba langa. Ina inali yatsopano, yopepuka ngati bokosi lopanda kanthu, kutsogolo tinyale tamitundumitundu ndi chipepala cha mawatsi zikwizikwi. Inayo inali yakuda, yokalikakalika, yolemera ngati mwala wa mphero, yopanda rimoti. Ndinaitembenuza kuona kumbuyo, chifukwa zina zakalezi zimakhala za magetsi a maiko ena, ukangolumikiza kuno zimafuka utsi. Iyi inali ya magetsi athu.

Bamboyo naye anati magetsi palibe. Koma khomo loyandikana nalo kunali wometa tsitsi, kajenereta kake kakulira. Ndinapita kukagwada kumeneko, tinagwirizana kuti ndimugulire lita ya petulo, iye atiponyere nthambo pawindo. Mwini sitolo anatulutsa masipika asanu osafanana, ndinawaika pamakireti mondizungulira, atatu kutsogolo, awiri kumbuyo, ine pampando pakati. Ndinalumikiza DVD yanga, ndinamuonetsa batani loti adine, kenako ndinatulutsa chitenje n'kudzimanga kumaso.

"Mama, mukuchita vichi?" anafunsa, Chichewa chitamuthawa.

"Mwiniwake saona. Ndikufuna ndiimve mmene akaimvere iyeyo."

Ndinamva mapazi a anthu akuunjikana pakhomo, ena akunong'onezana m'Chinkhonde, wina n'kuseka. Ndinawasiya aseke. Tinayamba ndi yatsopano ija. Pachimbalepo pali malo pamene ndege ya helikopita imadutsa anthu awiri akukambirana. Phokoso linabwera lambiri ndithu, mpaka m'mimba, koma linkachokera paliponse nthawi imodzi, ndipo mawu a anthuwo anamira. Masipika asanu onse ankanena chimodzimodzi, kungokhala wailesi yokuwa. A pakhomo anavomereza kuti imeneyo ndiye makina.

Tinasintha mawaya n'kuika yakale ija. Mawu a anthu awiri aja anamveka patsogolo panga penipeni, mpaka kupuma kwawo. Kenako helikopita inatulukira kumbuyo kwa phewa langa lamanja, inadutsa pamutu n'kukathera kutsogolo kumanzere. Ndinabwanthala pampando, manja kumutu. Pakhomo anthu anafa nacho chiseko.

Kubwanthala kumeneko kunandidyera ndalama. Pomasula chitenje ndinapeza bamboyo maso ali gwa, tulo tonse tatha, ndipo mtengo wa yakale ija unali utakwera kuposa wa yatsopano. Akuti wangokumbukira kumene kuti ndi yochokera kunja kwenikweni. Ndinamuonetsa kuti kagalasi kake ka kutsogolo n'kakufa, sikalemba kanthu, rimoti palibe, ndipo fumbi limene lili pamwambapo likusonyeza kuti chaka chatha osaifunsa munthu. Anakana. Ndinalongedza DVD yanga pang'onopang'ono n'kutuluka. Ndinadutsa wometa uja, ndinafika pafupi ndi chigayo, miyendo ikufuna kubwerera yokha. Ndipamene ndinamva bamboyo akundiitana kumbuyo kuti ndibwerere, "Mama, werani!" Tinabwerera pamtengo woyamba, ndipo ndinamulanda ndi mawaya omwe.

Pobwerera kondakitala ankafuna kuiponya kumbuyo pansi pa matumba a mpunga. Ndinati aiwale, ndinaifungata pamiyendo njira yonse mpaka ntchafu zinachita dzanzi. M'njiramo ndinkaganiza kuti tsiku lonse ndakhala ndikukangana ndi anthu ogula zoimbira ndi maso, ndipo nanenso pakanapanda Bambo ndikanatenga ya tinyale ija mosangalala.

Ndinafika pa Chilumba dzuwa litapendeka. Sindinasambe n'komwe. Ndinakhoma misomali, ndinayendetsa mawaya m'mbali mwa khoma, kenako ndinakagogoda kuchipinda n'kuwapempha Bambo kuti adzangondithandiza kumvera kanthu kena kamene ndagula. Anabwera monyinyirika, atagwira phewa langa, ndipo ndinawakhazika pampando pakati pa balaza. Ndinaika filimu ina yoyamba ndi anthu akuyenda m'nkhalango. Anakhala duu, manja pamaondo. Kenako m'filimumo mvula inayamba, kuwaza kumbuyo kwawo kenako ponseponse. Bambo anatembenukira kukhomo.

"Kodi zovala zija mwaanula?"

Anamvetseranso, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha atazindikira. Anakweza dzanja n'kuloza kumbuyo kumanzere osaphonya, n'kunena kuti sipika imeneyo ndaiika pansi kwambiri, ndiikweze ifanane ndi khutu lawo. Ndinaikweza. Anati yapakati ndiisunthire kutsogolo pang'ono. Ndinaisuntha. Anadzikoka ndi mpando womwe, pang'ono kumanja, pang'ono kumbuyo, mpaka anapeza pamene ankafuna.

"Tenga choko ulembe pansi pamene pali miyendo ya mpandowu," anatero. "Wokolopa aliyense aziubwezera pomwepa tsiku ndi tsiku. Tsopano filimuyo uibwezere poyambira, ndipo ukhale chete."